PA ZENERA LA MABALANI: Galu Wanu Munamsiyira Yani?

 Sabata yatha ndinalonjeza kuti ndidzalemba za kasungidwe ka makalata a malipiro, ndipo ena mwandikumbutsa kale pa zenera. Pepani, nkhani imeneyo iyambe yadikira. Lero ndili ndi nkhani ya galu. Ndidziwa kuti ena aseka nati Mabalani nkhani zamthera, wayamba kulemba za agalu. Sekani abale anga, koma muwerenge kufikira pansi.

Miyezi iwiri yapitayo, tsiku Lachiwiri m'mawa, anthu a shifiti ya usiku atangotuluka pansi, anafika pa zenera langa mdala wina wa kwathu ku Ntcheu. Iye agwira ntchito ya mapaipi, ndipo anayamba pa mgodi uno ine ndisanalowe Standard 1. Anapatira chisoti chake m'khwapa nati:

"Mabalani, mundithandize kutumiza kandalama kumudzi. Galu wanga Lekanizo wadwala. Akuti sakudya, angokhala kukamwa yasa, dovu chuchuchu. Amayi a kunyumba akuti mwina fupa lamkola pakhosi. Ndifuna agule kamwana ka galu kena, pakuti uyu akuoneka kuti sakhalitsa."

Ndinali nditayamba kale kulemba, koma pomva za fupalo ndinaima. Ndinati, "Madala, kodi alipo amene anapisa dzanja m'kamwa mwa galuyo?"

"Mnyamata wanga wotsiriza uja. Anafuna kuchotsa fupalo dzana, ndipo galu anamluma pang'ono pa chala. Kabala kake nkakang'ono, agogo ake anaotcha ubweya wa galu yemweyo nathirapo phulusa. Kayamba kale kuuma."

Anakamba zimenezi ngati munthu wokamba za mvula. Ine thukuta linandigwira, ngakhale unali m'mawa wozizira.

Ndikuuzeni chifukwa chake. Pamene ndinali mu Standard 4 pa sukulu yathu ya mishoni, tinali ndi mnzathu amene tinkakhala naye benchi limodzi. Tsiku lina anabwera ndi kabala pa tsaya nati kagalu ka kwa malume ake kamluma posewera. Tinamseka. Balalo linapola, tonse tinaiwala. Patapita ngati miyezi iwiri anayamba kudandaula mutu ndi kunyerenyetsa pa chipsera paja. Masiku ochepa pambuyo pake anali kulira ludzu, koma akamtengera madzi m'chikho anali kunjenjemera ndi kutsamwa, osatha kumeza ngakhale dontho. Anamtengera ku chipatala, koma adokotala anati nthawi yatha. Tinamuika m'manda sabata yomweyo. Kumudzi anthu analozana zala, ndipo mayi wina wokalamba anathawa m'mudzimo chifukwa cha mlandu wa ufiti. Aphunzitsi athu aakulu anatisonkhanitsa pansi pa mtengo natiuza kuti panalibe mfiti, koma nthenda yotchedwa chiwewe, ndipo anati galu wa chiwewe sathamanga ndi kuluma nthawi zonse ayi. Wina amangokhala duu, chibwano chili lende, ngati wakoledwa ndi fupa. Mawu amenewo ndinawasunga.

Tsono ndinauza mdalayo kuti, "Madala, ndalama titumiza, koma si za galu watsopano. Imbani foni kumudzi tsopano lino, ine ndili pompano." Anadodoma, koma anaimba. Ndinapempha kulankhula ndi amayi ndekha. Ndinati atsuke chalacho ndi sopo ndi madzi ambiri othira, kwa mphindi 15 zathunthu, ngakhale papita masiku awiri, asamangepo nsanza, ndipo tsiku lomwelo akwere galimoto apite ndi mwanayo ku chipatala, akanene poyera kuti walumidwa ndi galu wodwala. Akapeza kuti pa chipatala chaching'ono palibe mankhwala, asabwerere kunyumba, apitirire ku chipatala cha pa boma. Galuyo amtsekere pa yekha, wina aliyense asamkhudze, ndipo mlangizi wa ziweto auzidwe. Amayiwo anati, "Nanga chimanga chili pa mphasa?" Apa mdalayo analanda foni nalankhula mawu amene sindingawalembe m'nyuzi.

Lekanizo anafa patapita masiku atatu. Mnyamatayo analandira jekeseni zake zonse pa mkono, tsiku loyamba, patapita masiku 3, patapita masiku 7, ndi monga adokotala anamlembera pa kadi. Lero ali bwino, akuti akuvuta ndi mpira monga kale.

Zitatha izi ndinafunsa mdalayo ngati Lekanizo anabayidwapo katemera wa chiwewe. Anati iyayi. Alangizi anabwera ndithu m'mudzimo chaka chatha, mfumu inamema anthu, koma iye anatumiza mawu kuti galu wake asapite, pakuti anamva kuti galu wobayidwa jekeseni amafooka, sauwanso usiku, ndipo ku uzimba sathamanga. Mawu amenewa ndawamva kwa anthu ambiri pa komboni pano, ena ophunzira kuposa ine. Ndi bodza lenileni. Galu akhoza kugona tsiku limodzi atabayidwa, monga amachitira mwana wakhanda pobwera ku sikelo, koma mawa lake adzuka ndi ukali wake womwewo. Agalu a apolisi ndi agalu olondera pa geti la mgodi uno onse ndi obayidwa. Amene akukayika akayese kulumpha waya usiku, adzabwere atiuze ngati ndi ofooka.

Ndifotokoze pang'ono mayendedwe a nthendayi, chifukwa munthu akaidziwa njira yake sanyengedwa ndi kuchepa kwa bala. Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kakalowa pa bala sikathamangira m'magazi monga malungo ayi. Kamakwawa pang'onopang'ono m'mitsempha kulunjika ku ubongo. Nchifukwa chake bala limapola, munthu naiwala, ndipo nthenda imaonekera patapita miyezi 2 kapena 3, nthawi zina sabata imodzi yokha, nthawi zina chaka. Bala la kumaso, la pakhosi ndi la ku zala ndilo loopsa koposa, ndipo ana, pokhala aafupi, amalumidwa malo omwewo. Kachilomboko kali pa ulendo, jekeseni ikhoza kukatsekera njira. Koma kakafika ku ubongo, munthu nayamba kuopa madzi, palibe dokotala wa ku Johannesburg kapena ku London amene angalonjeze kumchiritsa. Apo mpamene timati pepani sapoletsa chilonda.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, limati chiwewe chimapha anthu ngati 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi ku Asia. Mwa odwala 100, kufikira 99 amachitenga kwa galu, ndipo mwa akufa 10, ngati 4 ndi ana osakwana zaka 15. Ine ntchito yanga ndi ya manambala, ndipo ndimadziwa kuti nambala ya m'buku siiliza munthu. Koma mmodzi wa ana otere ndinkabwerekana naye pensulo.

Chondipweteka nchakuti mankhwala ake si a dzulo. Mu July 1885 munthu wa ku France dzina lake Louis Pasteur anabayitsa jekeseni 13 mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa malo ambiri ndi galu wa chiwewe, ndipo mnyamatayo anakhala ndi moyo nakula. Pasteur anamwalira pa 28 September 1895, ndipo tsiku la 28 September limasungidwa m'maiko ambiri monga tsiku lokumbutsana za chiwewe. Akulu ena amakumbukira jekeseni zambirimbiri za pamimba zimene ankabaya kale, nachita mantha. Zimenezo zinatha, za masiku ano nzapamkono ndipo nzochepa.

Nthendayi ilibe pasipoti. Chiwewe cha agalu chinabuka cha ku malire a Angola ndi Namibia mu 1947, chinadutsa m'dziko la Botswana, ndipo mu 1950 chinali chitafika ku Zimbabwe ndi kumpoto kwa South Africa. Mu 1952 chinalowa kumwera kwa Mozambique, ndipo mu 1961 chinatsikira ku Natal. Taonani abale, chinayenda maiko omwewo amene agogo athu ankadutsa pofuna ntchito ya m'migodi. Nkhandwe nazo zimachitenga ndi kuchifalitsa. Ndipo mu 2024 chinapezeka ngakhale mwa nyama za m'nyanja zotchedwa seal ku magombe a Cape. Tsono asanene munthu kuti kwathu kulibe.

Wina adzati, bwanji osangowombera agalu onse oyendayenda? Maboma ambiri anayesa zimenezo kwa zaka zambiri ndipo sizinathandize. Pa kuwombera amafera limodzi agalu obayidwa ndi osabayidwa, eni ake nakatenga tiana tatsopano tosabayidwa, nthenda niyambanso. Chimene chimathandiza nchakuti mwa agalu 10 alionse a m'dera, 7 akhale obayidwa, chaka ndi chaka. Pamenepo galu wodwala akaluma mnzake, kawirikawiri amaluma wobayidwa, ndipo nthenda imathera pomwepo ngati moto wolusa umene wafika pa mseu wolambulidwa. Mu mzinda wa Blantyre mu 2015, bungwe la Mission Rabies pamodzi ndi a boma anabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 a ntchito, ena pa masukulu, ena khomo ndi khomo, nawapaka utoto pamphumi kuti adziwike. Dziko la Mexico, limene kale linali ndi chiwewe chambiri, linavomerezedwa mu 2019 kuti lathetsa chiwewe chochokera kwa agalu kupita kwa anthu, ndipo njira yake inali yomweyi. Mabungwe aakulu a dziko lonse anapangana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe cha galu. Kaya adzakwanitsa kaya, koma galu wa mdala wathu uja anali mmodzi wa agalu amene akuwabweza m'mbuyo.

Kwa inu amene muli ndi agalu kuno ku South Africa, m'malokeshoni ndi m'nyumba za mabanja, dziwani kuti ili ndi lamulo la boma. Galu ndi mphaka aliyense ayenera kubayidwa akakwana miyezi 3, abayidwenso chisanathe chaka, ndipo pambuyo pake zaka 3 zilizonse. Kumene nthenda ili yambiri amalangiza chaka chilichonse. Kumudzi, alangizi akamema, galu apite chaka chilichonse, ndipo musataye kapepala kamene akupatsani. Tsiku limene galu wanu adzaluma mwana wa eni, kapepala kameneko kadzakuyankhulirani pa bwalo la mfumu. Komanso galu wooneka wabwinobwino akaluma munthu musathamangire kumupha. Mmangeni, mumdyetse, mumuonetsetse masiku 10, pakuti akakhalabe wamoyo ndi wathanzi masiku onsewo ndiye kuti analibe chiwewe m'malovu pa tsiku lolumalo. Koma wolumidwayo asakhale pansi kuwerenga masikuwo. Apite ku chipatala tsiku lomwelo, adokotala ndiwo aone chochita.

Mwamva ndatchula mphaka. Kwathu mphaka sitimuwerengera. Ena amamuopa nati ndi wa afiti, ena amamsunga chifukwa cha makoswe a m'nkhokwe, koma sindinaonepo munthu atanyamula mphaka kupita naye kwa alangizi. Komatu naye amatenga chiwewe, ndipo mphaka wodwala amakanda ndi kuluma koopsa. Amene amagona naye pa mphasa ndi ana. Poti mphaka samangika chingwe, muikeni m'dengu lovundikira kapena m'katoni yobowola kuti apume, ndipo mwana wamkulu anyamule.

Tsopano za kagalu katsopano kamene mdalayo anafuna kugula. Ndinamuuza kuti chiwewe si mdani yekhayo. Ambiri a inu mwaonapo tiana ta galu titayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba magazi onunkha, nitifa tonse m'masiku ochepa, anthu nati wina wathira tameki. Nthawi zambiri si tameki ayi, koma nthenda yotchedwa parvo, imene inafalikira pa dziko lonse mu 1978. Kachilombo kake kamakhala m'dothi la pabwalo miyezi yambiri, kotero kuti munthu akataya kagalu ndi nthendayi nagula kena msanga, nakonso kamafa. Katemera wake amayamba kagalu kali ndi masabata 6 kufikira 8, nabwerezedwa pakapita masabata 3 kapena 4 mpaka kakwane masabata 16. Jekeseni yomweyo imatchinjirizanso distemper, nthenda ija ya manthongo m'maso, mamina ndi kunjenjemera. Imeneyi kawirikawiri njolipira, siili ngati ya chiwewe imene pa misonkhano ya alangizi amabaya ulere. Koma ndaona amuna pa komboni pano akutaya ndalama zoposa pamenepo Loweruka limodzi, ndipo Lolemba sakumbukira kumene zinapita.

Njoka za m'mimba ndizo zimatupitsa mimba za tiana ta galu ndi kuyeretsa nkhama zake. Kagalu kamwe mankhwala a njoka masabata awiri alionse kuyambira kali ndi masabata 2 kufikira miyezi 3, ndipo galu wamkulu ndi mphaka miyezi 3 iliyonse. Musati izi nzachizungu. Mazira a njokazo amatsalira m'ndowe za galu pabwalo pamene ana athu amasewera osavala nsapato ndi kudya osasamba m'manja. Ndipo pali chinthu china chimene ife amuna a ku migodi timalakwa. Tikafika kumudzi pa tchuthi timapha mbuzi, ndipo tikapeza chiwindi kapena mapapo ali ndi matuza a madzi timati izi nzoipa, ponyerani galu. M'matuza amenewo muli mbewu ya njoka. Galu akadya zosaphika, njokayo imakula m'matumbo mwake, mazira ake nabwerera kwa mbuzi ndi kwa anthu, namera matuza omwewo m'chiwindi cha munthu. Nyama yotere muitenthe kapena muikwirire mozama.

Za nkhupakupa sindichulutsa, pakuti aliyense wa ng'ombe azidziwa. Pa galu zimabweretsa nthenda imene kuno amati biliary: galu amafooka, amakana chakudya, nkhama zimayera kapena kuchita chikasu, mkodzo nufiira. Imapha msanga, ndipo galu wotere afunika dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Muziyang'ana m'makutu, pakhosi ndi pakati pa zala, ndipo mufunse alangizi mankhwala oyenera.

Ndanena kuti oyenera, chifukwa apa mpamene safunsa anadya phula. Ndaona munthu akupaka galu wa mphere oyilo wakuda wa galimoto. Ndamva za wina amene anasambitsa kagalu m'dibi ya ng'ombe yosasungunula bwino, kagaluko nikafa dzuwa lisanalowe. Mankhwala ena a utitiri opangira agalu, amene ali ndi permethrin, amapha mphaka. Ndipo Panado, amene ife timamwa mutu ukawawa, mbulu umodzi wokha ukhoza kupha mphaka. Chimene chichiza mwini nyumba sichichiza chiweto chake nthawi zonse.

Chotsiriza ndi cha kuswana. Galu wamkazi amafuna amuna ngati kawiri pa chaka, ndipo bere lake ndi la masiku ngati 63 okha. Mphaka akhoza kutenga bere asanakwane miyezi 6. Tiana tikachuluka, nkhoko za m'poto sizikwana, tsono timayendayenda m'misika ndi m'madzala, ndipo ndi tomweto timene sitibayidwa. Madokotala a ziweto amafula agalu aamuna ndi kutseka aakazi, chiwetocho chili m'tulo ta mankhwala, ndipo m'mizinda ina mabungwe a SPCA amathandiza pa mtengo wochepa. Galu wofulidwa sasowa pakhomo masiku anayi kukamenyana ndi anzake, kumene ndiko amakalumidwa ndi odwala. Koma musachite nokha ndi lumo kuseri kwa nyumba monga ankachitira anyamata a kwathu.

Ndimalemba makalata ambiri ndi kutumiza mauthenga ambiri a anthu pa zenera lino. Amuna amafunsa za ng'ombe, za malata, za feteleza, za fizi ya ana, ena amafunsanso za amene akuyendayenda pakhomo usiku. M'zaka zanga zonse pano sindinalembepo mawu ofunsa ngati galu anabayidwa. Chikhalirecho galuyo tinamsiya dala kuti alondere mkazi ndi ana ife kulibe, ndipo ndiye amene amadyera pafupi ndi mbale ya mwana. Amati galu wamkota sakandira pachabe. Inenso sindinalembe zonsezi pachabe. Pa foni ya Lamulungu likudzali, mutatha kufunsa za chimanga, funsani za galu ndi mphaka, ndipo mutchule dzina la munthu amene adzapita nazo alangizi akamema.

Mdala uja anabweranso pa zenera Lachisanu lapitali. Kagalu katsopano anagula ndithu, ndipo anandionetsa pa foni chithunzi cha kapepala ka katemera, chidindo cha mlangizi chili pomwepo. Anapempha kuti ndichisindikize ndi kuchiika m'faelo yake pamodzi ndi mapepala ake a ntchito. Ndinamuuza kuti malamulo a ofesi salola mapepala a galu m'faelo ya munthu. Anati, "Mwana wanga, ndiye musunge m'dilowa yanu." Chili m'dilowa. Ndinafunsa dzina la kagaluko, ndipo anayang'ana kumbali nati ana kumudzi akatcha Mabalani.

Za makalata a malipiro tidzakambirana sabata ya mawa.